Dimba la Malemu Bambo

Ndinabwerera kwathu ndi mwana mmodzi kumbuyo, chonsecho ndinabereka awiri. Mwamuna wanga anapita kumigodi ku Joni ine ndili ndi pakati. Kalata yake inabwera imodzi, kenaka kunangoti zii. Patapita nthawi, mnzake amene anabwerako kumeneko anatiuza kuti anamusiya atakwatira mkazi wa komweko, ndipo za kuno sankazitchulanso. Apongozi anga sanandipirikitse ndi mawu ayi. Anangoyamba kundilambalala pogawa chimanga cha m'nkhokwe, mpaka ndinazindikira ndekha kuti malo anga atha. Tsiku lonyamuka anandilanda mwana wamkulu, wamkazi, amene anali atangoyamba kuguluka mano. Anati ng'ombe za malowolo zinapita kwathu, ndiye mwanayo ndi wawo. Wamng'onoyo, wamwamuna, anandilola kupita naye poti anali adakali pabere, koma anati akadzaleka kuyamwa ndidzamubweze.

Mudzi wathu uli kumapiri. Kuchoka kumeneko m'mawa, munthu ankafika ku mishoni ya Nzama dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo. Bambo anali atamwalira zaka zinayi m'mbuyomo. Amayi ndinawapeza ali okha, maso onse awiri atachita ng'ala, akuyenda mopapasa khoma. Anali a pakamwa powawa chibadwire, ndipo kusaonako kunangowonjezera.

"Wabwera ndi chiyani?" anandifunsa ndisanatule n'komwe katundu.

"Ndabwera ndi mwana, amayi."

"Ameneyo ndi kamwa. Ine ndafunsa za chakudya."

M'dengu langa munali mphika umodzi, nsalu yakutha, ndi kaufa ka masiku awiri.

Chaka chimenecho mvula inayamba bwino, ndipo ndinabzala kamunda ka amayi ka kuseri kwa nyumba. Chimanga chitafika m'mawondo, mvula inadula. Januwale yense mitambo inkasonkhana pamwamba pa mapiri masana, pofika madzulo n'kubalalika osagwetsa ndi dontho lomwe. Masamba anapotana, kenaka chimanga chinauma chili chiimire, m'minda ya mudzi wonse. Amuna anayamba kunyamuka kukasaka chakudya, ena kuloza kwa Apwitikizi, ena kutsikira ku Kasinje. Ine ndinalibe kopita ndi mwana woyamwa komanso mayi wosaona. Ndi pamene ndinakumbukira dimba.

Dimba la bambo linali kumunsi kwa mudzi, m'mbali mwa kamtsinje kamene sikankaphwa msanga. Ndili wamng'ono tinkadyako nzimbe, kabichi, nsawawa ndi mbatatesi. Chimwalirireni iwo, palibe anapondako ndi khasu, pakuti alongo anga onse awiri anali ku Halale, osabwerako. Ndinawauza amayi maganizo anga otsegula dimbalo.

"Dimba limenelo ndi lomwe linadya abambo ako," anatero. "Ankalawirira m'mame ndi m'matope mpaka chifuwa chinawagwira. Ukufuna nawenso undisiye?"

"Tikangokhala, amayi, tifera pakhonde pano tonse atatu."

"Ndiye pita. Koma khasu ulibe."

Ankanena zoona. Khasu lomwe linalipo linali litatha mpaka kutsala ngati chikhatho cha mwana. Amalume, amene ankasunga ng'ombe za malowolo anga m'khola lawo, anali ndi makasu atatu. Ndinapita kukagwada pakhomo pawo.

"Amalume, mundibwerekeko khasu limodzi. Ndikufuna nditsegule dimba la malemu."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Tchire lija? Amuna awiri sangalithe. Ungondithyolera khasu chabe. Ukanapirira ku banja lako, bwenzi zonsezi kulibe."

Ndinatenga nkhuku yathu yomaliza, ya thadzi, n'kupita nayo kwa munthu wosula zitsulo wa mudzi woyandikana nawo. Anandisulira khasu kuchokera ku chitsulo cha mgolo wakale. Linali lopyapyala, lopindika likagunda chitsa, ndipo ndinkaliwongola ndi mwala kangapo patsiku. Mpini ndinasema ndekha, wokhota. Amayi anadandaula za nkhukuyo mlungu wathunthu.

Tsiku loyamba dimba sindinalizindikire. Njira inali itatsekeka, ndipo ndinalowa chokwawa potsata podutsa nguluwe. Nsenjere zinali zitatalika kuposa denga la nyumba. Kumtsinje kunali bango lokhalokha, ndipo lunguzi, minga yoyanga ija, anali atakwera pa mpanda wa nkhadze n'kuugwetsa m'malo ambiri. Nthochi za bambo zinalipo, zothithikana, zoonda, zopanda mkoko ngakhale umodzi. Chomwe sichinasinthe ndi mkuyu wa pangodya. Ndinakhala pansi pake, mwana ali kumbuyo, khasu langa la mgolo lili pamiyendo, ndipo ndinaona kuti amalume sananame.

Ndili chikhalire ndinamva munthu akutsokomola kutsidya kwa mtsinje, chifuwa chochokera pansi penipeni. Anali bambo wina wachikulire, mnzawo wa malemu bambo, amene dimba lake linayang'anizana ndi lathu. Anakhalitsa kumigodi, n'kubwerako ndi chifuwa chosamva mankhwala, mkazi wake atamwalira kale. Anawoloka pang'onopang'ono, akupuma pa mwala uliwonse.

"Ndi mwana wa mnzanga kodi? Ndimayesa nguluwe."

"Ndine ndemwe, bambo."

"Ukufuna kulimbana ndi tchireli ndi kachitsulo kameneko?" Anaseka, kuseka kwake n'kusanduka kutsokomola. Atapezako mpweya anandipatsa chikwanje chake. "Ine ndimachigwiritsa m'mawa mokha, mphamvu zimandithera dzuwa likangokwera. Uzichitenga masana. Usayambe ndi pakati. Yamba kumtsinje kuno, uzitchetcha malo oti ungawathirire, osati oti anthu akutame."

Ndinayamba choncho. M'mawa ndinkazula ndi khasu, masana ndinkatema ndi chikwanje. Nsenjere ukazitema pamwamba zimaphukanso pakangotha masiku ochepa, ndiye chitsa chilichonse chinkafunika kuchikumba, kuchigwedeza, kuchitembenuza mizu kumwamba kuti dzuwa liipsereze. Zina zinali zazikulu zoti manja anga sankakumana pozikumbatira. Kutentha tchirelo sikukanatheka. Pansi pake panali pauwisi, komanso moto ukanalumphira m'dimba la bambo akutsidya aja. Ndinkaunjika zinyalala milumilu, zikauma n'kumatentha mulu umodzi umodzi, phulusa lake n'kumwaza.

Matuza anatuluka m'manja, anaphulika, anatulukanso pamwamba pa zilonda. Lunguzi anandikadzula miyendo ndi nsalu yomwe, moti kutchalitchi ndinasiya kupita chifukwa cha manyazi. Tsiku lina ndinakoka chingwe cha chitedze osachiona, ubweya wake n'kutiwazira ine ndi mwana yemwe. Kulira komwe analira mwanayo sindidzakuiwala. Ndinathamangira naye kumtsinje, ndinamupaka matope thupi lonse, ine mwini ndikudzikanda mpaka magazi. Kuyambira tsiku limenelo ndinkamusiya kunyumba ndi amayi. Ankamumanga kansalu m'chiuno, mbali inayo n'kudzimanga okha padzanja kuti asakwawire kumoto, ndipo ine ndinkakwera chitunda kawiri patsiku kukamuyamwitsa.

Pofika kumapeto a Malichi ndinali nditatsegula malo ngati mabwalo awiri a nyumba. Koma mtsinje unali ukuphwa. Unasanduka timadziwe, kenaka matope. Ndinkakumbuka kuti bambo anali ndi chitsime m'dimbamo, koma chinali chitakwiririka ndipo malo ake sindinkawadziwa. Amayi anati ndiwatengere komweko. Ndinawatsogolera ndi ndodo, iwo kumbuyo akunditukwana pa mwala uliwonse umene anapunthwa. Titafika anapapasa tsinde la mkuyu, anatembenuka, anawerenga mapazi, n'kugogoda pansi ndi ndodo.

"Kumba apa."

"Amayi, pano ndi pouma."

"Ndatunga pamenepa iwe usanabadwe. Kumba."

Ndinakumba masiku awiri mpaka dzenje kundifika m'chifuwa. Munalibe kanthu, dothi lofiira lokhalokha. Nditawauza, sanavomere kuti alakwitsa. Anati ndine waulesi, ndinayamba kuwerenga kolakwika. Kenaka analira, kulira kwa chinunu, nkhope atalozetsa kukhoma. Ndikuganiza kuti chinawapweteka si dzenjelo, koma kuzindikira kuti ndi malo omwe anawadziwa moyo wawo wonse anali atawatayika.

Chitsimecho ndinachipeza ndekha patapita masiku angapo, pozula bango. Ndinaona pamalo ena pali una wa nkhanu, kukamwa kwake kuli matope anyowa. Nditakumba pang'ono khasu linagunda miyala yoyalidwa mozungulira, ntchito ya manja a bambo. Ndinachotsa matope ndi chipanda, mizu, mafupa a kanyama kena komwe kanagweramo. M'mawa mwake ndinapeza madzi ofika m'bondo, akuda, onunkha, koma madzi. Amayi ndinawauza kuti chinali pafupi ndi pomwe analoza. Sichinali pafupi.

Mbewu ndiye inali nkhani ina. Amayi anali ndi kamtsuko ka nyemba komata pakamwa, koma titakatsegula anankafumbwe anali atachita zawo. Ndinazithira m'madzi, zoyandama tinaphika, zomira ndinasunga, zosadzaza manja awiri. Njere za mpiru ndinapempha kwa amayi ena a m'mudzi, anandipatsa zodzaza kansonga ka supuni. Bambo akutsidya aja anali ndi mbatatesi zochepa zoti adye. Akamasenda, ankadula mokhuthala pamene pali diso, n'kundisungira makokowo m'phulusa.

"Diso limodzi ndi phando limodzi," ankatero. "Zidzabala ting'onoting'ono, koma zidzabala."

Patsindwi pa nyumba yathu, pamwamba pa moto, panali zisononkho zisanu ndi chimodzi za chimanga, zakuda ndi mwaye. Chimenecho chinkayenera kudikira mpaka chisanu chitatha, ndipo miyezi yonseyo chinali chopachikika pamwamba pa mitu yathu ife tikugona ndi njala. Kawiri konse ndinawapeza amayi ataimirira, akupapasa tsindwi ndi ndodo. Kachiwiriko ndinachitsitsa n'kukachisungitsa kwa bambo akutsidya. Amayi anandinena kuti ndine mfiti yofuna kupha mayi wake.

Nthaka inali yotopa ndi mizu, inkafuna manyowa. Ndinabwereranso kwa amalume. Ulendo uno anavomera, koma anati ndiyambe ndazira nyumba ya akazi awo ndi kuwatungira madzi mlungu wonse. Ndinatero. Kenaka ndinayamba kusenza ndowe m'dengu kuchokera m'khola lawo kutsikira kudimba, madzi ake akundiyenderera m'khosi. M'kholamo ng'ombe ziwiri ndinkazidziwa bwino, ya mawanga ndi yakuda yothyoka nyanga. Ndi zomwe anandisinthanitsa nazo, ndipo chifukwa cha izo anandilanda mwana. Zomwe ndinapindula nazo ine ndi ndowe zokhazo.

Mu Epulo ndinabzala. Kuthirira kunali kwa mtsuko ndi chipanda, phando ndi phando, m'mawa ndi madzulo. Mpiru unamera, nyemba zinamera, ndipo makoko a mbatatesi aja anatulutsa timitu tobiriwira, osati onse, koma ambiri ndithu. Mpanda ndinaukonza ndi nthambi za nkhadze zomwe zinagwa, mipata n'kutseka ndi lunguzi yemweyo amene ndinatema. Tsiku lomwe ndinathyola mpiru woyamba, amayi anaununkhiza nthawi yaitali asanandipatse kuti ndiphike. Tinadya wopanda mchere.

Mu Juni kunagwa chisanu. Ndinatsika m'mawa wina n'kupeza udzu uli mbuu, ndipo dzuwa litatuluka masamba a nyemba anada ngati awathira madzi owira. Zinali zitayamba maluwa. Sindinapulumutse ngakhale phando limodzi. Mbatatesi zinapsa nsonga koma zinaphukanso, ndipo nditakumba mu Julaye zinatuluka ngati mazira a nkhunda. Zazikuluko tinadya, ting'onoting'ono ndinabzalanso. Mu Ogasiti ndinakatenga chimanga chija n'kuchibzala m'mizere ya pafupi ndi chitsime.

Apa n'kuti njala italowa m'mudzi kwenikweni. Madeya anatha. Ndinayamba kukumba zitsa za nthochi za bambo, kuzidula, kuziyanika, kuzisinja n'kuphika phala lake lakuda, lomwe linkatupitsa mimba osakhutitsa. Mpiru tinkadya m'mawa ndi madzulo mpaka m'kamwa kuwawa. Mabere anga anaphwa. Mwana ankayamwa, n'kusiya, n'kundiyang'ana, n'kuyambanso. Ndinayesa kumupatsa mbatatesi zofinya, koma anayamba kutsegula m'mimba. Tsitsi lake linapepuka n'kufiirira, mapazi anatupa, ndipo anasiya kulira. Amayi ndi amene anayamba kunena.

"Mwanayu wapepuka. Ndikamunyamula ndikungomva nsalu. Pita naye kwa masisitere."

Ndinanyamuka m'mawa kupita ku Nzama. Pakhonde pa chipatala panali azimayi ambiri, ana awo ofanana ndi wanga. Masisitere anamuyeza, anamumwetsa mankhwala, anatipatsa phala la ufa weniweni. Mmodzi wa iwo anandiuza kuti ndikhale komweko masiku angapo kuti azimuona. Ndinakhala masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinaganiza za amayi amene ndinawasiyira mbatatesi zophika za tsiku limodzi, ndi chimanga chomwe chinali chitangomera, dzuwa la Seputembala likuchiwomba popanda wothirira. Mwana ankaoneka ngati wagwirako mphamvu. Ndinamubereka n'kunyamuka osatsanzika.

Nkhani imeneyi ndaitembenuza zaka zonsezi. Ndikanakhala, mwina akanachira, mwinanso ayi. Ena amene anakhala anabwerako chimanjamanja. Koma ine sindinakhale. Mwanayo anamwalira patatha masiku anayi, masana, ali kumbuyo kwanga, ine ndikuthirira chimanga. Ndinamva kuti mutu wake walemera mwachilendo paphewa panga. Ndinatsiriza kuthira madzi omwe anali m'chipanda, chifukwa sindinkafuna kudziwa. Kenaka ndinakhala pansi n'kumasula nsalu.

Maliro ake anali a anthu ochepa. Adzukulu anakumba manda osaya, analibe mphamvu. Apongozi anga aakazi anabwera tsiku lotsatira, atamva uthenga, ndipo mwana wanga wamkazi sanabwere naye. Anakhala pamphasa osalira.

"Tinakupatsa mwana wamoyo," anatero. "Tinati udzatibwezere. Watibwezera chiyani?"

Amayi, amene sanandiyankhulirepo chabwino chibwerere changa, anadzuka n'kuloza ndodo komwe kunkachokera mawuwo.

"Mwana wanu ali ku Joni akudya buledi. Wanga uyu manja ake mwawaona? Mugwireni manja, ndiye muyankhule."

Apongozi sanandigwire manja. Ananyamuka madzulo omwewo. Ndinawapempha kuti andiperekere moni kwa mwana wanga, sindikudziwa ngati anakapereka. Ndinadzamuonanso ali namwali, ndipo anandipatsa moni ngati mlendo.

Masiku asanu sindinatsike kudimba. Ndinkangogona, ndipo ndinkafuna kuti liume, lipse, libwerere ku tchire lake. Tsiku lachisanu ndi chimodzi njala inanditsitsa. Ndinapeza mizere yonse ndi yonyowa. Bambo akutsidya aja anali atakhala pa miyala ya chitsime, chipanda chili m'manja, akupuma movutikira, milomo itayera.

"Sindinathe kuthirira monse tsiku limodzi," anatero. "Ndimachita theka lero, theka mawa. Mzere wakumapetowo wafota, undikhululukire."

Ndinatenga chipandacho m'manja mwawo, n'kuyamba pomwe analekezera.

Mu Novembala chimanga chinamasula, chinabereka, ndevu zinayamba kuuma. M'dera lonselo malo obiriwira anali madimba ochepa okha, ndipo aliyense wodutsa pachitunda ankawaona. Ndinamanga kakhumbi pansi pa mkuyu, n'kumaswera komweko kulondera anyani ndi anthu omwe. Ndinkadziwa chisononkho chilichonse pamene chili. Mtima wanga unali utauma. Ndinkaona ngati chimanga chimenecho ndachigula ndi mwana wanga, ndipo palibe amene akanachikhudza.

Tsiku lina masana ndinakwera kukawapatsa amayi chakudya. Pobwerera ndinamva mapesi akuthyoka. Ndinalowa mwakachetechete, khasu lili m'manja. Pakati pa mizere panali mzimayi atanjuta, atandifulatira, akukukuta chimanga chachiwisi, chosakhwima n'komwe, mkaka wake ukuyenderera m'zigongono. Pansi panali zisononkho zitatu zotha kale. Sindinafuule, sindinafunse. Ndinatembenuza khasu n'kumumenya ndi mpini. Anatchinga ndi mkono, ndipo ndinamva fupa likulira ngati nkhuni youma.

Atatembenuka ndinamuzindikira. Anali mnzanga wa ubwana, wa mudzi wa kuseri kwa phiri. Tinkaphunzira limodzi katekisimu, ndipo tinabatizidwa tsiku limodzi. Anali wonenepa masiku amenewo, woseka mokweza. Tsopano m'khosi mwake munali maenje, ndipo mano okha ndi amene anali aakulu. Sanalire. Anagwira mkono wothyokawo ndi dzanja linalo, n'kupitiriza kutafuna zomwe zinali m'kamwa mpaka anameza.

"Ndiwe kodi?" anatero. "Sindimadziwa kuti ndi mwako. Ndikanadziwa ndikanapempha."

"Ukanapempha ndikanakumana," ndinayankha. Ndi zomwe zinatuluka, ndipo zinali zoona.

Anagwedeza mutu ngati wamva chinthu chanzeru. Anaimirira movutika, anayang'ana chisononkho chachinayi chomwe anachigwetsa chodyako theka, kenaka anayang'ana ine. Sindinamuuze kuti achitenge. Anachisiya pomwepo. Anatulukira pa mpata womwe analowera, pamene anakankha minga, ndipo ndinamuona akukwera chitunda, mkono uli lende.

Bambo akutsidya anaona zonse ali m'dimba lawo. Sanandidzudzule. Madzulo anangowoloka n'kudzatenga chikwanje chawo, chimene chinali chitakhala kwa ine miyezi yambiri osachiitanitsa. Kuyambira pamenepo tinkapatsana moni, koma sankawolokanso. Anamwalira mvula itayamba, ndisanapeze mawu oti ndiwauze.

Patatha masiku atatu ndinathyola mondokwa khumi, ndinakumba mbatatesi, ndinaika m'dengu n'kuzungulira phiri kupita kumudzi kwa mnzangayo. Nyumba yake ndinaipeza yotseka ndi mtengo wopingasa. Mayi wina wokalamba wa nyumba yoyandikana anandiuza kuti ana ake awiri anawaika m'manda mwezi wathawo, ndipo iye ananyamuka dzana, mkono ataumanga ndi luzi, kutsatira anthu opita kwa Apwitikizi.

"Mkonowo anati chinachitika n'chiyani?" ndinafunsa.

"Anati anagwa pa mwala."

Dengulo ndinawasiyira mayiwo. Anandithokoza mpaka kugwada, akuyesa kuti ndine munthu wachifundo. Mnzangayo sanabwererenso, ndipo palibe amene anabwera ndi mbiri yake. Ndinakalapa kwa wansembe, anandipatsa mapemphero oti ndinene, ndinanena onse. Anati Mulungu wandikhululukira. Mwina anaterodi.

Chimangacho chinatipulumutsa, ine ndi amayi. Tinadya mondokwa, china tinayanika n'kusinja, ndipo chinatifikitsa mpaka maungu a m'munda atayamba. Mvula ya dzinja lotsatiralo inabwera yambiri, mtsinje unasefukira n'kukokolola mizere iwiri ya kumunsi, koma zotsalazo zinakwanira. Akazi a amalume anabwera kudzapempha mbewu ya mbatatesi, ndinawapatsa. Amayi anakhala zaka zina zitatu, akudya za m'dimbamo ndi kundinena kuti sindithirira bwino ngati malemu.

Mpata womwe mnzanga analowera sindinautseke msanga. Sindinganene kuti ndinkayembekeza kuti abweranso, koma tsiku lililonse ndinkati nditseka mawa. Mu Disembala nguluwe zinalowera pomwepo n'kufukula theka la mbatatesi zomwe ndinabzala kachitatu. M'mawa mwake ndinadula minga n'kutsekapo, ndipo ndinatola timbatatesi tomwe zinasiya, todzaza lichero limodzi.